Kumbukirani, Alamu

"Ndiye mukuti ndipeke, achimwene?"

"Sindinati upeke. Ndati ukumbuke."

"Kukumbuka ndi madzi kodi, oti ndingonyamula ndowa n'kukatunga kuchitsime?"

Ackim anaponya kachewere wowola kunja kwa khonde n'kupukuta manja pa buluku lake. Iyeyu ndi mlongo wake wamkulu wa Monika, mwini mbumba pakhomopo, ndipo nkhaniyi inali itamukwana. Awiriwo ankasankha kachewere wokagulitsa ku Chimbiya, koma ntchito inkayenda ndi pakamwa basi.

"Tamvera, Monika. Ine dzulo ndinali kwa akuchimuna. Ndakhala pamphasa pawo ngati wopempha mchere. Mawu awo ndi omwe aja: utchule munthu amene anapha mwana wawo, iwo akusudzule. Ukapanda kutero ukhala mkazi wa Ignasio mpaka imvi."

"Ignasio ali m'manda."

"Ukawauze iwowo, mwina sanamve."

Ignasio, mwamuna wa Monika, anafa mwana wawo Pilira akuyamwa. Lero Pilira amapita yekha kusukulu ndipo amachapa yekha yunifolomu yake. Tsiku limenelo Ignasio ndi Monika ankachokera kumsika wa Chimbiya, n'kudulira njira ya m'mapaini m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Amayi okatola nkhuni ndiwo anawapeza dzuwa litapendeka. Ignasio anali atauma kale, mutu utaphwanyidwa ndi chibonga. Monika anali chafufumimba, bala kuseri kwa khutu, akupuma pang'onopang'ono. Anatsitsimukira kuchipatala, ndipo chomaliza chimene ankakumbuka n'chakuti ankagula mchere pamsika. Kuchokera pa mcherewo kufika pa bedi la kuchipatala, m'mutu mwake munalibe kanthu.

Apolisi anabwera, anayang'anayang'ana, anafunsa mafunso, anapita. Palibe chimene chinabedwa. Dengu, mchere, sopo, ngakhale ndalama za kabichi zimene zinali m'thumba la malemuyo, zonse zinali pomwepo. Apa m'pamene akuchimuna anagwira. Anati wakuba sasiya thumba, ndiye wakuphayo ndi munthu wodziwika, ndipo mkaziyu akumubisa dala, mwinanso ndi chibwenzi chake. Pa tsiku lometa anakana kumusudzula.

Kwathu kuno mwamuna akafa, ukwati sufa nawo. Mpaka abale ake akupatse kanthu m'manja pamaso pa ankhoswe, kaya nkhuku kaya chiyani, n'kunena kuti wamasuka, iwe ndiwe mkazi wa mtembo. Ansembe anamuuza Monika kuti kumpingo ndi mfulu, atha kukwatiwa ngakhale mawa. Koma okwatira si ansembe. Amene ankafuna kukwatira anali Levison, wocheka matabwa ku Phiri la Dedza, munthu wofatsa amene mkazi wake anamwalira kalekale. Amalume ake anali atanenetsa kuti mkazi wosasudzulidwa amabwera ndi minyama, ndipo anali atamupezera kale wina.

"A Levison akuti adikira mpaka mvula yoyamba," anatero Ackim. "Ukuiona mitambo iyo? Munthu wakudikira nthawi yonseyi, si mtengo ameneyu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye dzina lake si lovutanso ayi. Mudzi wonse ukudziwa dzina limene akufuna kumva."

"A Alufeo," anatero Monika. "Chifukwa mbuzi zawo zinadya kabichi wathu, n'kutukwanizana ndi bambo a Pilira. Apolisi anawasunga, anawatulutsa. Achimwene, mukudziwa chimene anyamata a kumudzi kuja adzachite ndikangotsegula pakamwa? Petulo ali naye kale amene aja."

Ackim anatola kachewere wina n'kumutembenuzatembenuza.

"Nanga zimene unanena ku mapemphero a limana? Akuti unapempha anthu akupempherere chifukwa zina zayamba kubwerera."

"Fungo la utomoni wa paini basi. Ndi kuno kukhwapa, ndimamva kutentha ngati ndinali nditanyamula kanthu. Ndipite kwa apongozi ndikanene kuti anapha mwana wawo ndi fungo?"

"Pitiriza kununkhiza, mwina dzina lili chapafupi," anatero Ackim, n'kusenza thumba lake.

Nkhani ya ku limana inayenda msanga kuposa minibasi. Patangopita masiku ochepa, njinga yamoto inaima pakhomo pa Monika. Anali Zefaniya, mng'ono wake wa Ignasio, amene chiikire maliro anali asanapondepo pakhomopo. Njingayo anagula atagulitsa dimba la amayi ake, dimba lomwe Ignasio ali moyo ankakana kwamtuwagalu kuti ligulitsidwe. Anatsika ndi buledi ndi paketi ya shuga, nkhope ili mwee.

"Alamu! Kodi mwatitaya chonchi?"

"Otaya anzawo ndi ife kodi, alamu?" anatero Monika, akuyala mphasa.

"Aa, zakale zimenezo. Mkwiyo wa pamaliro. Ine ndabwera ngati mbale. Tamva kuti mutu wayamba kutseguka, ndiye ndati ndikawathandize alamu anga. Mwavutika mokwanira inu. Amayi nawo akalamba, akufuna adziwe asanatsikire kulichete. Tandiuzani, mwaona chiyani?"

Monika anamuuza za utomoni. Za kukhwapa sananene, poti ankaona ngati ndi zopusa.

"Nkhope ayi?"

"Ayi."

"Mawu?"

"Ayi."

Zefaniya anapuma mpweya wautali, n'kumwa madzi amene anamupatsa mpaka kugugudiza.

"Zibwera, alamu. Zimafuna kuzikodola. Tsekani maso. Muli m'mapaini muja, achimwene ali kutsogolo, inu pambuyo. Mukumva mapazi kumbuyo kwanu. Tamvetserani bwino. Mapaziwo akuyenda bwanji? Sakukoka mwendo umodzi?"

"Sindikudziwa."

"Musafulumire kukana. Munthu wotsimphina amamveka. Phazi lina limagunda, lina limakwekwesa. Ndiye mukucheuka. Chimene mukuyamba kuona ndi kumutu. Kuzizira kwa kuno munthu sayenda mutu uli pamtunda. Chipewa chaubweya. Chamtundu wanji?"

Monika anatsegula maso. Mudzi wonse unkadziwa kuti Alufeo amakoka mwendo wamanzere, ndipo chipewa chake chofiira savula ngakhale m'tchalitchi mpaka akatekisiti amuyang'ane.

"Alamu, mukundiuza kapena mukundifunsa?"

"Ndikukukumbutsani," anatero Zefaniya akuseka. "Kumbukirani, alamu. N'zanu zomwe."

Anabweranso, n'kubweranso, tsiku lina ndi sopo, tsiku lina ndi mabisiketi a Pilira. Anthu anayamba kumuyamikira kuti mnyamatayu ali ndi mtima wabwino. Ulendo uliwonse nkhani inali yomweyo, mapazi ndi chipewa, ndipo ulendo uliwonse ankawonjezerapo kanthu kakang'ono: jekete lakuda, chifuwa cha fodya, chibonga m'dzanja lamanja. Ndiye mutu wa munthu ndi wachabechabe. Monika ankati akupalasa moto, chipewa chofiira icho. Akutsuka mbale, mwendo uja kwee, kwee, m'masamba a paini. Zinthu zimene sanazionepo chivulalire zinayamba kumubwerera zokha, zooneka bwino, ndi mtundu womwe.

Tsiku lina masana Zefaniya anamukweza panjinga n'kupita naye pamalo pomwepo. Mapaini aja anali atakula, pansi pali ziii, mphepo yokha ikulira kumtunda.

"Achimwene anagwera apa," anatero Zefaniya akuloza ndi phazi. "Inu apo, pafupi ndi chitsa icho. Dengu linagubuduzikira uko."

"Mukudziwa bwanji?"

"Amayi a nkhuni aja anandionetsa. Taimani pamenepo. Yang'anani kutsogolo, musacheuke. Ine ndikhala Alufeo."

Anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kumuyandikira akukwekwesa mwendo. Monika anaima chilili. Anamva mpweya wa mwamunayo pakhosi pake. Anachita mantha amene sanawamvepo, ndipo anakuwa mosadziwa.

"Mwaona?" anatero Zefaniya. "Thupi likukumbuka. Ndi iyeyo, eti?"

"Mwina," anatero Monika. "Tiyeni tizipita."

Mawa lake anakumana ndi Alufeo panjira ya kuchigayo, akukusa mbuzi zake. Bamboyo anapatuka n'kupereka moni mwaulemu monga mwa masiku onse, kufunsa za Pilira ndi za kumunda. Monika anayang'ana chipewacho, anayang'ana mwendowo, ndipo anaona chibonga m'dzanja limene linali ndi kamtengo kokusira mbuzi. Anadutsa osayankha moniwo.

Madzulo ake anamuuza Ackim kuti, "Achimwene, ndikuona ngati ndi a Alufeo."

"Ukuona ngati, kapena ndi iwo?"

"Ndikatseka maso ndimawaona. Koma sindikudziwa ngati ndikukumbuka tsiku lija kapena ndikukumbuka mawu a alamu."

"Zimenezo n'zofanana," anatero Ackim, amene sankafuna kuti mawuwo azizire. Anatumiza uthenga kwa akuchimuna tsiku lomwelo, ndipo yankho linabwera lakuti abwere Loweruka, nkhuku yosudzulira ikhala itagwidwa kale.

Levison atamva anatsika kuphiri utuchi uli m'tsitsi. Sanakhale pansi.

"Mayi a Pilira, n'zoona mwakumbuka?"

"Mukufuna ndikumbuke kapena ayi?"

"Ine ndikufuna inu. Koma sindikufuna kudzagona m'nyumba imene tailowa chifukwa munthu wapsa. Komanso musandinamize kuti ndingalimbane ndi amalume mpaka kalekale. Ndatopa nanenso."

"Ndiye mwandithandiza chiyani pamenepa?"

"Palibe," anavomera Levison, n'kubwerera kumacheka ake.

Lachinayi Monika anapita ndi kachewere ku Chimbiya. Anali atangoyala milu yake m'mphepete mwa msewu pamene mayi wina wovala mpango wakuda anamukumbatira chakumbuyo.

"Monika! Mwana wa anthu, ukadali moyo!"

Anali Zuhura, mnzake wakale amene ankagulitsa mchere ndi sopo pamsikapo. Anasamuka ndi mwamuna wake kupita ku Mangochi m'sabata yomwe ija ya tsoka, ndipo za imfa ya Ignasio anangomvera kwa anthu. Tsopano anali atabwerera, n'kutsegulanso kaokala kake. Analira pang'ono onse awiri, kenako anaseka, kenako anafunsana za ana.

"Nanga nkhuku yanga ija inaswa?" anafunsa Zuhura. "Kapena munadyera pamaliro?"

"Nkhuku iti?"

"Aa, iwe! Ya kameta ija, yopanda nthenga m'khosi. Msoti wofiirira. Sukukumbuka? Ndinkagawa nkhuku zanga poti m'basi sakanandilola nazo zonse. Utagula mchere ndinakukokera kuseri kwa okala, ndinati iyi ndi yako, mtundu wake umaswa ngati mbewa. Ndinang'amba kansalu kobiriwira pa chitenje changa chakale n'kuimanga miyendo. Bambo a Pilira anaseka, amvekere nkhuku yonyansa chonchi tidya ndi maso otseka. Unaipanira kukhwapa n'kumapita."

Monika anagwira kukhwapa kwake. Anakhala pa thumba la kachewere.

"Zuhura, unaimanga ndithu?"

"Mfundo ziwiri. Ine ndimamanga zosamasuka."

"Anthu anatipeza aja sanapeze nkhuku. Dengu linalipo, mchere unalipo, sopo analipo. Za nkhuku palibe ananenapo, poti palibe ankadziwa. Inenso sindinkadziwa."

"Mwina inathawa."

"Yomanga miyendo?"

"Kapena afisi."

"Masana? N'kusiya anthu awiri ali m'magazi, n'kusankha nkhuku, osasiya ndi nthenga yomwe?"

Zuhura anagwira pakamwa. Kasitomala anaima pa milu ya kachewere, anafunsa mtengo kawiri, anapita.

Pobwerera Monika anazungulira dala njira ya kwa Alufeo. Anaima pampanda n'kumayang'ana nkhuku zikupalasa pabwalo. Zonse zinali ndi makosi a nthenga. Anafunsa mkazi wa Alufeo ngati anawetapo za kameta, iye anati ayi, bambo amanyansidwa nazo. Zimenezi sizinatsimikize kanthu, Monika ankadziwa, poti nkhuku imadyedwa tsiku limodzi n'kuiwalika. Koma chinamuvuta n'chakuti m'zithunzi zonse zimene zinkamubwerera m'mutu, za chipewa ndi jekete ndi chibonga, munalibe nkhuku. Chinthu chokhacho chimene thupi lake linkakumbuka palokha, m'nkhani ya Zefaniya munalibe.

Loweruka ananyamuka ndi Ackim kupita kumudzi kwa akuchimuna, kuseri kwa phiri. Kunali mitambo yakuda chakumadzulo. Monika anali asanapondeko kumeneko chiyambire mkangano wa pamaliro, ndipo njira yonse Ackim ankamuphunzitsa zonena.

"Usakazungulire. Dzina limodzi, basi, tikalandire nkhuku tizibwerera."

"Nanga a Alufeo?"

"Zimenezo n'za apolisi."

"Mukudziwa kuti sizikafika kupolisi."

"Monika, ine ndili ndi mlongo mmodzi. Alufeo ali ndi abale ake omudandaula."

Atangolowa pabwalo la a Nachisale, apongozi ake, Monika anaima. Nkhuku zinali ponseponse, pansi pa nkhokwe, pakhonde, kudzala. Misoti, atambala, anapiye otsatira amawo. Pafupifupi zonse makosi ali psuu, opanda nthenga.

"Tiye, waima chiyani?" ananong'ona Ackim.

Mphasa zinali zitayalidwa pansi pa mtengo wa pichesi. A Nachisale anakhala atatambalala, mayi wowonda wa maso akuthwa amene chisoni chinamuumitsa mtima. Pambali pawo panali nkhoswe ya kuchimuna, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, ndi Zefaniya atavala malaya oyera. Pakati pa mphasa panagona msoti wa kameta womanga miyendo ndi luzi. Kuseri kwa nkhokwe kunali anyamata angapo ongoyendayenda, ndipo mmodzi anakhalira kachigubu kachikasu ka petulo.

Atatha malonje, Ackim anafuna kufewetsa nkhope za eni khomo.

"Koma amayi, nkhuku ndiye muli nazo. Mtundu umenewu kwathu kulibe. Munautenga kuti?"

A Nachisale, amene sanamwetulire chifikire alendowo, nkhope inamasuka pang'ono.

"Zonsezi ndi za mayi mmodzi. Ndimazitcha nkhuku za Ignasio. Anabwera nayo Zefaniya uyu, kamsoti kofiirira, akuti wagula ku boma. Ndangoivundikira m'dengu chonchi, wauthenga uyo pabwalo, akuti mwana wanu wapezeka m'mapaini. Tsiku lomwelo, madzulo omwewo. Ndiye ndinati Mulungu wanditengera mwana n'kundisiyira kankhuku. Pamaliro anthu ankafuna kuipha, ine ndinakana. Inafa yokha ndi ukalamba."

"Amayi, anthu abwerera nkhani ina," anatero Zefaniya.

"Ndikudziwa chimene abwerera." A Nachisale anatembenukira kwa Monika, nkhope itaumanso. "Amake Pilira, mwatizunza zaka zambiri. Lero akuti mwakumbuka. Nkhuku yanu ndi iyo. Tiuzeni amene anandiphera mwana."

Anyamata aja anasiya kuyendayenda.

"Ndingaigwire, amayi?"

"Dzina kaye," anatero Zefaniya.

"Asiye agwire, ithawira kuti?" anatero a Nachisale.

Monika anakwawa ndi maondo, ananyamula msotiwo n'kuupanira kukhwapa. Khosi lopanda nthenga lija linagunda mkono wake, lotentha, mtima wa nkhuku ukugunda mofulumira panthiti zake. Sichinabwere chambiri. Nkhope sinabwere, chipewa sichinabwere. Anangodziona ali pansi, tsaya lili pa masamba a paini, thupi likukana kusuntha, nkhuku ikukupiza mapiko pafupi ndi maso ake. Mapazi ankapita, akuthamanga. Kenako anaima. Anabwerera. Dzanja linatsika n'kunyamula nkhukuyo ndi miyendo. Mapaziwo onse awiri ankagunda pansi mofanana.

Munthu wa kumudzi ndi wa kumudzi basi. Atha kuchita choopsa chotani, atha kusiya ndalama m'thumba kuopa tsoka, koma nkhuku yomanga kale miyendo, yonenepa, ili yokha patchire, mtima sumulola kuisiya.

"Alamu," anatero Zefaniya, mawu ali okoma. "Musaope. Nenani zimene munandiuza m'mapaini muja. Kumbukirani."

Monika sanamuyang'ane. Anayang'ana apongozi ake.

"Amayi, dzina ndilibe. A Alufeo sindinawaone, ndipo sindiwatchula. Ndili ndi funso limodzi lokha. Tsiku lija pochoka ku Chimbiya ndinanyamula nkhuku. Anandipatsa ndi mnzanga Zuhura, wabwerako ku Mangochi, ali pamsika, mutha kukamufunsa. Msoti wa kameta, wofiirira. Otipeza aja sanaupeze."

"Nkhuku za kameta zili paliponse!" anakuwa Zefaniya. "Mutu unavulala uwu, amayi, musamvere!"

"Zili paliponse, n'zoona," anatero Monika. "Yangayo inamangidwa miyendo ndi kansalu kobiriwira kong'amba pa chitenje, mfundo ziwiri. Amene anaimasula ayenera kuti anavutika nayo. Yanu ija munamasula ndinu, amayi?"

A Nachisale anayang'ana zala zawo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, ngati kansaluko kakadali pomwepo. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana mwana wawo, ndipo Zefaniya anayang'ana njinga yake. Nkhoswe ija inatsokomola n'kuyamba kufufuza fodya m'thumba. Ackim, amene mutu wake umachedwa koma umafika, anatsegula pakamwa n'kutsekanso.

Mayiwo anadzuka movutikira, atagwira tsinde la pichesi. Mawu awo anatuluka okwera kuti ndi akuseri kwa nkhokwe omwe amve.

"Ankhoswe, mwamva. Mayiyu sakukumbuka kanthu. Anavulala, si chifuniro chake. Ife tamusudzula. Nkhuku ndi imeneyo ali nayo m'manja. Ndi mfulu, akakwatiwe kumene akufuna, palibe wa pakhomo pano adzamutsate. Inu anyamata, chotsani chigubu chanucho pakhomo panga, muzipita kwanu."

"Amayi, nanga dzina lija..." anayamba Zefaniya.

"Khala chete iwe!"

Mwambo umene unakanika zaka zonsezo unatha msanga kuposa kumwa tiyi. Nkhoswe inabwereza mawuwo, Ackim anawomba m'manja kuthokoza. Palibe anatchula za chakudya. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pa malata pamene alendowo ankadzuka.

A Nachisale anawaperekeza okha. Atafika pamene bwalo limathera anamuuza Ackim kuti atsogole, n'kugwira mkono wa Monika. Dzanja lawo linali lozizira. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire, anamulankhula ngati mwana wawo.

"Mwana wanga, ndinabereka amuna awiri. Ndatsala ndi mmodzi. Wamasuka, pita ukakhale ndi bambo wakoyo, Mulungu akudalitse. Koma mutu wakowo usaukakamize. Zinapita zimenezo. Iwala."

Monika anawamvera chisoni mayiwo, chisoni chenicheni, chifukwa nayenso ndi mayi. Koma anakumbukanso Pilira akufunsa chifukwa chimene anzake amati amake anaphetsa bambo ake, ndi Alufeo akupereka moni wosayankhidwa.

"Zaka zonsezi mumati ndikumbuke, amayi."

"Lero ndikuti iwala. Ndikugwada."

Monika anakonza nkhuku ija kukhwapa, n'kuifunditsa nsonga ya chitenje kuti isanyowe.

"Kuiwala ndinaiwala kale, amayi, inu simunandikhulupirire. Lero sindingathenso."

Anamasula mkono wake pang'onopang'ono n'kutsatira mlongo wake. A Nachisale anatsala chiimire pamvulapo, nkhuku za makosi ofiira zikuwadutsa m'miyendo kuthamangira kukhonde.